Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Fulashi imene ndinapatsa alamu

Ambiri mwakhala mukufunsa kuti makompyuta aja anandisiyira malume pa Dedza boma ndinathana nawo bwanji. Zikomo nonse, makamaka mayi a ku Mayani amene mwakumbukira kashopu kanga ka kuseri kwa msika. Nkhani ya lero inachitika mu 2009.

Paja ndinakuuzani kuti mavairasi anali atandisaukitsa, poti aliyense wodzapulinta kalata ankabwera ndi fulashi yodwala. Ndiye ndinaitanitsa CD ya Ubuntu 8.04, pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows. Nthawi imeneyo kampani ya Canonical, ya Mark Shuttleworth wa ku South Africa, inkatumiza ma CD amenewa ulere pa positi, mpaka pamene inasiya mu 2011. Ubuntu atalowa, mavairasi anangoti zii. Koma nyimbo za MP3 sizinkalira, mafilimu osaoneka, chonsecho ndalama ya ndiwo inkachokera kwa anyamata odzafuna nyimbo.

Wina mwafunsa chifukwa chimene sindinangobwerera ku Windows. Achimwene, antivairasi nayenso amafuna intaneti pafupipafupi kuti akhale ndi mano. Ine intaneti yanga inali foni ya Nokia yolumikiza ndi chingwe, ya GPRS, imene ikakondwa usiku inkafika 5 KB pa sekondi. Werengerani nokha: zodzaza CD imodzi, 700 MB, zikanatenga maola pafupifupi 40.

Ndinkafuna pulogalamu ya VLC, yolizira nyimbo ndi kuonetsa mafilimu. Maganizo anga anali oti ndikapeza source code yake, zolemba zimene pulogalamu imapangidwa nazo, ndidzaimanga ndekha n'kuiika m'makompyuta onse popanda intaneti. Unali mwezi wa June. Amene munagonapo m'tsinde mwa phiri la Dedza mukudziwa mphepo yake. Ndinkakhala m'shopu nditafunda bulangete, maso ali pa kamzere koonetsa pamene kukopera fayilo kwafika, kamene kamayenda ngati sikakufuna. Katatsala pang'ono kufika kumapeto, magetsi thi! Atayaka, fayilo inayambiranso pachiyambi, mayunitsi atapita. Mwana wa aneba amene ankaphunzira ku Zomba ndi amene anandionetsa wget -c, njira yokopera fayilo imene imapitiriza pomwe yadukira.

Fayilo itakwana ndinalemba ./configure, lamulo loyambira kumanga pulogalamu, mtima uli m'malo. Inakana. Akuti ikufuna kaye pulogalamu ina, libavcodec ya FFmpeg. Imeneyonso inali ndi zake zimene inkafuna, ndipo chilichonse chinkafuna chinzake, ngati nkhani ya ukwati imene mwini mbumba aliyense amakutumiza kwa wina.

Mnyamata yemweyo anandiuza kuti ndisiye kumanga. Mu Synaptic, pulogalamu yoikira mapulogalamu ena mu Ubuntu, ukasankha pulogalamu, pali malo olembedwa Generate package download script, amene amakulembera maadiresi a mafayilo onse a .deb (mapulogalamu omanga kale, ongoika) ofunika, ndi azibale ake omwe. Umangonyamula mndandandawo pa fulashi kupita kumene kuli intaneti yothamanga.

Apa ndi pamene alamu anga akulowa, omwe aja a m'gawo 4. Ankagwira ntchito ku bungwe lina ku Lilongwe, intaneti yochita kutayika. Atabwera kumaliro ku Bembeke ndinawatengera pambali.

"Alamu, mungondikopera timafayilo iti. Kwa inu n'zosatenga ola."

"Musadandaule alamu, Lachisanu zafika."

Lachisanu linadutsa, ena n'kudutsanso. Ndikaimba, ali mu miting'i. Makasitomala anayamba kupita kwa mnyamata wa kudepoti. Lendi inandipeza ndilibe kanthu, moti mayi a kunyumba anagulitsa thumba la mbatata ya kachewere imene tinasungira mbewu. Fulashi itabwera ndi kondakitala wa minibasi, ndinathamangira kushopu osadya. Ndikutsegula, muli nyimbo zokhazokha. Mwana wawo anaifufuta n'kuikamo zake. Mndandanda wanga mulibe, fayilo ngakhale imodzi mulibe. Ndinakhala pampando paja mpaka mdima, chitseko chili chotsegula, anthu akudutsa n'kumandipatsa moni ine osayankha. Nditawaimbira alamu, anaseka. "Kodi alamu, zimenezi n'zodandaula nazo? Kalimeni mbatata, makompyuta asiyireni a m'tauni."

Mawu amenewo alamu anawayankhula pamene mkazi wanga, mlongo wawo weniweni, anali pambali panga akumva. Ndikudziwa kuti ana awo amawerenga zimene ndimalemba pano. Sindikutukwana munthu, koma akawauze kuti sindinaiwale.

Ndinalembanso mndandanda uja, ndinabwereka ya minibasi, ulendo wa ku Lilongwe. Pa intaneti cafe ya ku Old Town makompyuta anali a Windows, choncho adiresi iliyonse ndinkaikopera pamanja, maminiti akuwerengedwa. Madzulo ndili ku Dedza ndinalemba sudo dpkg -i *.deb, lamulo loika mafayilo onse aja, zilembo zinathamanga, ndipo VLC inatseguka. Fulashi yomweyo inakwanira makompyuta onse, kenaka a sukulu ina ya ku Linthipe anaibwereka.

Zaka zinapita, ma dongle a intaneti ya 3G anafika, shopu inakula. Alamu atapuma ntchito anabwera ndi laputopu yawo itadzaza mavairasi. Ndinawakonzera bwinobwino, ndipo analipira mtengo wa kasitomala aliyense. Amene mukufuna nkhani ya momwe akuba anathyolera shopu, imeneyo ndi ya gawo 8.