Nsomba Inandikalipira ku Knysna

Kavidiyo kamene alamu anga akumwaza pa WhatsApp kayambira pakati, pamene ndikuthamanga ndi jombo imodzi. Musanapitirize kuseka, mumve kaye kwa mwini wake.

Ine ndine mwana wa ku Nkhotakota, nkhafi ndinaigwira ndisanadziwe kulemba dzina langa. Kwathu nyanja ili ndi khalidwe. Ukasiya patapata pamchenga m'mawa, madzulo ukamupeza pompo, pokhapokha wina waba. Madzi akafuna kukwera amadikira dzinja, ndipo amatenga miyezi. Ndani akanaganiza kuti ya kuno ku Knysna, ku South Africa, imachoka n'kubwerera kawiri pa tsiku ngati ili pa ganyu? Alamu akuti anandiuza. Mwina anaterodi, koma anali ndi buledi m'kamwa.

Linali Loweruka la mu Julayi, chisanu choti mwera wakwathu ndi mwana. Madzi anali atathawa, kwangotsala matope ndi mchenga mpaka uko. Tinapopa timabowo kufuna tinkhanu ta nyambo timene kuno amati mud prawn, ine n'kusiya chikwama changa pa kachulu ka mchenga kouma bwinobwino. Munali jekete, fulasiki ya tiyi ndi chiphaso chowedzera chimene ndinaimira pamzere ku positi ofesi.

Ndinaima m'madzi olekeza m'mawondo maola awiri, zala zakumapazi zitasiya kundidziwa. Kenako chingwe chinati kwapu! Tinalimbana, ndipo inatuluka nsomba yonyezimira yamadonthomadontho, yoposa kutalitali masentimita 40 amene lamulo limafuna. Ine ndikuti inali ngati ntchafu yanga. Alamu akuti ngati mkono, koma iwo anali patali, komanso tsiku limenelo sanaphe kanthu.

Ndinaifungatira pachifuwa kuti ndichotse mbedza. Basi inayankhula.

"Grrro."

Musandiuze za nkholokolo, ndimaidziwa, imalira ngati chitseko chosowa mafuta. Iyi ayi. Awa anali mawu a malemu amalume anga akamakonza kukhosi asanayambe mlandu. Ndinaiyang'ana, nayo inandiyang'ana ndi diso limodzi, losaphethira. Ndinati, "Pepani." Inabwereza, mokweza. Apa mutu unathamangira kumudzi: ndalama za malata zimene ndinalonjeza mu Epulo, ndinagulira foni. Ndinavula chipewa, anthu inu, pakati pa madzi, n'kunena kuti, "Amalume, mwezi ukatha nditumiza." Inati "grrro" kachitatu, mwa munthu amene mawu amenewo anawamvapo kale. Ndinawonjezera kuti ndiikapo ndi za misomali. Manja anatseguka okha, iyo phava, ulendo.

"Alamu! Mwataya ndiwo?" Anafuula alamu anga. Akuti dzina lake ndi grunter, imakukuta mano a kukhosi ikatuluka m'madzi, zonse zimatero. Zimenezi munthu amanena kunyumba, tisananyamuke.

Ndipotembenuka kuti ndiwayankhe pamene ndinaona kuti madzi andifika m'chiuno. Kachulu kaja kulibe. Chikwama changa chinali pa ulendo wake, chikuyandama mwaulemu kulowera kumlatho. Ndinati ndithamange, matope anagwira mwendo wakumanzere ngati ndili nawo ngongole. Ndinakoka, phazi linatuluka, jombo inatsala. Apa m'pamene alamu anakumbukira kuti foni yawo ili ndi kamera. Kukuwa kumene mukumva m'kavidiyomo si mantha, ndinkaitana chikwama.

Jombozo zinali za abwana, zogwirira ntchito m'munda wa maluwa. Lolemba ndinawauza kuti imodzi yabedwa, iwo anangondiyang'ana nthawi yaitali. Fulasiki anaitola mnyamata wina wa kabwato, tiyi akadali wofunda.

Za malata ndinatumiza Lachiwiri. Si chifukwa cha nsombayo, ndinali nditakonza kale.