Galimoto ya phiko pamsana

Patebulo panga pamakhala kagalimoto kachidole ka buluu, nambala 43 pachitseko. Phiko lake lakumbuyo ndinalimata ndi guluu kawiri, mwana wa mchemwali wanga atakagwetsa. Aliyense wobwera amafunsa funso lomwelo: kodi galimoto yotereyi inalipodi, kapena n'zopeka?

Inalipo. Ndi Plymouth Superbird ya 1970, ya zitseko ziwiri, mphuno yosongoka ngati ya nsomba, phiko litaima njoo kumbuyo. Sanaipangire kukongola ayi. Richard Petty, katswiri wa mipikisano ya magalimoto ku America komanso mwini nambala 43 ija, anali atachoka ku kampani ya Plymouth n'kupita ku Ford mu 1969, ndipo kuti abwerere pankafunika galimoto yong'amba mphepo m'mabwalo a liwiro ngati Daytona ndi Talladega. Malamulo a NASCAR, bungwe loyendetsa mipikisanoyi, ankafuna kuti galimoto ya mpikisano izigulitsidwanso kwa anthu wamba, choncho anapanga zoposa 1,900. Zina zinakhalitsa kwa ogulitsa, anthu akungozidutsa. Ena mpaka anazichotsa mphuno ndi phiko kuti mwina zigulike. Lero okonda magalimoto akale amazilimbirana, makamaka za injini ya 426 Hemi.

Chomwe chimandiseketsa n'chakuti pa mpikisano waukulu wa Daytona 500 mu 1970, wopambana sanali Petty. Anali mnzake wa mutimu yomweyo, Pete Hamilton, pa Superbird nambala 40. Kenako mu 1971 NASCAR inalamula kuti magalimoto a mapikowa aziyendera injini zazing'ono, basi zake zinathera pomwepo. Chaka chimodzi chokha!

Phiko la kachidole kanga layambanso kugwedera, ndipo guluu uja anauma kalekale.