Nkhope ikunena zina, mwana akumva zina

Lolemba mmawa, kuzizira kwa Dedza kuja kwa mu Juni chifunga chitakuta phiri lonse, madamu a sitandade 3 anandibweretsera mnyamata wathu wa autism (chibadwa chomwe chimachititsa munthu kumva zinthu ndi kuonetsa zakukhosi mosiyana ndi ena) ku resosi, chipinda chomwe ndimaphunzitsiramo ana ofunika thandizo lapadera, atamugwira pamkono, eti aphunzitsi mwana wanuyu ndi wamwano, ine ndikumudzudzula iye akungomwetulira. Kumuyang'ana zoonadi mano onse ali pamtunda, koma zala zikupotokola kolala ya yunifomu mpaka batani kuthothoka. Kumwetulira kumeneko ndimakudziwa ine, kumabwera akachita mantha makamaka munthu akamukalipira pafupi ndi khutu.

Kwathu kuno mwana akamayang'ana pansi polankhula ndi akulu timati ndi ulemu, ndiye zoti sayang'ana munthu mmaso palibe amadabwa nazo, koma angoseka pamalo posayenera basi wamwano, kapena anamulodza. Mayi ake anabwera Lachiwiri akuchokera kogulitsa kachewere, akuti ngakhale pamaliro a agogo ake anthu ankanong'onezana poti nkhope inangoti phee ngati palibe chachitika, chonsecho kunyumba mwana anasiya kudya, usiku nkumakagona pamphasa ya agogowo.

Lachitatu ndiye wolakwa ndinali ineyo. Tsiku lonse nkhope yake ili bwinobwino, phala anamwa, ine nkumati lero zayenda. Poweruka mpamene ndinaona kuti akupondera chidendene chokha, kumuvula silipasi ndikupeza minga yalowa ndithu phazi latupa, kaya kuyambira nthawi yanji. Munthu woti ndinakaphunzira za ana amenewa ku koleji ya aphunzitsi ya Montfort ku Chiradzulu koma ndinakhala nkumadikira kuti nkhope indiuze, manyazi ake osanena.

Pali mkulu wina waku UK, Damian Milton, nayenso ali ndi autism, mu 2012 analemba kuti kusamvana pakati pa anthu a autism ndi ife enafe kumachokera mbali zonse ziwiri, iwo amavutika kutimva ife, ifenso timalephera kuwamva iwo. Ine ndimangoona kuti poti ife tilipo ambiri mlandu wonse timawakankhira iwo.

Lachinayi linathera mitingi ndi mafomu, palibe chokamba.

Lachisanu pa buleki madamu aja anasuzumira pakhomo, mnyamata ali pansi akundandalika zitsekerero za mabotolo, zofiira pazokha zobiriwira pazokha, tsinya lili pamphumi ngati munthu wamubera ndalama. Anandinong'oneza kuti wakwiyanso? Ndinati ayi madamu onani manjawo, akamakupiza chonchi uku akung'ung'udza ndiye kuti zamukomera zedi. Anakhala kaye chete, kenako anagwada pambali pake nkumufunsa motsitsa mawu, iwe phazi lija likupwetekabe? Osadzutsa mutu iye anangoti pang'ono, nkuwasuntha bondo chifukwa linali litatsekereza mzere wa zofiira.