Kalasi yathu ya katoni yafika pa denga

Makoma anayi aima, chitseko chikutseguka bwinobwino, ndipo tsopano tili pa denga. Kujambula mapulani a nyumba ndimangochita mokonda, si ntchito yanga, koma aphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale anandilola kumakumana ndi ana a zaka 11 ndi 12 akaweruka. Tikumanga kalasi yawo yomweyo, koma yaing'ono, ya katoni ndi guluu.

Tinayamba ndi kuyeza. Ana anagwira tepi okha n'kupeza kuti chipindacho ndi mamita 8 mulitali ndi mamita 7 mulifupi. Tinasankha sikelo ya 1:50, kutanthauza kuti mita imodzi pa khoma lenileni ikhale masentimita 2 pa katoni. Choncho pansi panakhala masentimita 16 ndi 14, chitseko cha mamita 2 chinakhala masentimita 4. Masamu amenewa pa bolodi anali kuwavuta. Zinasintha pomwe aliyense anadziyeza kutalika n'kudula kamunthu kake ka pepala. Mtsikana wina wa mamita 1.4 anatuluka masentimita 2.8, anakaimika pafupi ndi zenera n'kunena kuti, "Aa, ndiye chifukwa chake sindiona panja ndikakhala pansi." Kuchokera pamenepo mkangano wa mawindo sunathe: atsike pati, akule bwanji, akhale mbali iti. Ine ndikuona kuti kamunthu kameneka kanaphunzitsa zambiri kuposa zonse zomwe ndinalankhula.

Denga ndiye latidyera nthawi. Timitengo tolumikizidwa m'makona anayi tinkangopendama tikatikankha ndi chala. Titaikapo kamtengo kena kopingasa kuti pakhale makona atatu, tinalimba nji. Anyamata anapanikiza dala kuti athyole, osatheka.

Kenako ndinawaonetsa zithunzi za sukulu ya pulayimale ya ku Gando, m'dziko la Burkina Faso, yomwe mapulani ake anajambula ndi katswiri wina dzina lake Francis Kéré, ndipo inatha kumangidwa mu 2001. Makoma ndi a njerwa za dothi, siling'i ndi ya dothinso, koma malata anawakweza pamwamba ndi zitsulo kuti pakati pazidutsa mphepo. Dzuwa likaotcha malata, kutenthako sikufika kwa ana, mphepo imakutenga. Malatawo amatulukanso patali kunja kwa makoma, mvula isanyowetse dothi. Mu 2022 Kéré analandira mphoto ya Pritzker, yomwe imaperekedwa kwa akatswiri ojambula mapulani a nyumba, munthu woyamba wa ku Africa kuilandira. Za mphotozo ana sanazilabadire kwenikweni. Iwo ankafunsa ngati mbalame sizimanga zisa m'mpatamo, funso labwino ndithu.

Gulu lagawanika pawiri. Ena akufuna denga lokwezeka ngati la ku Gando, ena akuti likhale monga lilili pa kalasi yeniyeni chifukwa ndi imene tinayeza. Ndawauza apange onse awiri, ochotseka, tizisinthanitsa. Guluu wamadzi akupinditsa katoni yopyapyala, ndiye pa madenga tigwiritsa ntchito katoni yokhuthala ya mabokosi ndi mapini.

Sabata yamawa titseka makatani n'kuyendetsa tochi kuchokera kum'mawa mpaka kumadzulo, aone pomwe kuwala kumagwera pa bolodi nthawi ya m'mawa ndi masana. Amene akufuna mawindo akuluakulu kumadzulo ndiwo adzagwire tochiyo.