Kukaona kumene mawese amachokera

Mafuta ofiira aja amagulitsidwa m'mabotolo mumsika wa Mzuzu ndakhala ndikuwadutsa zaka zambiri, mumtima ndikuti ndi utoto kapena mankhwala. Anandichotsa umbuli ndi alamu anga, omwe kwawo ndi ku Kaporo, m'boma la Karonga. Mwezi wa June atati akukaona amayi awo, ndinati, "Alamu, munditenge, ndikadzionere ndekha mawese anuwo."

Tinanyamuka pa depoti m'mamawa, chifunga chili bii, aliyense atadzikuta jekete. Ekwendeni, Bwengu ndi Phwezi ndinadutsa ndili m'tulo. Ndinadzidzimuka tikutsika zikhotakhota za Chiweta, nyanja ili mbee kumunsi, anyani atakhala m'mbali mwa msewu kudikira zotaya apaulendo. Pofika pa Chitimba jekete inali itasanduka katundu. Titatha makilomita oposa 200 tinatsika pa Karonga, n'kukwera ina yolowera ku Songwe, kumalire ndi Tanzania.

Kutentha kumene kunandivula jeketeko ndiko mtengo wa mawese, womwe ndi mtundu wa kanjedza, umafuna, kuphatikiza mvula yambiri. Kwawo kwenikweni ndi kuno ku Africa, makamaka chakumadzulo, ngakhale lero mafuta a mawese oposa 80 peresenti a padziko lonse amachokera ku Indonesia ndi Malaysia. Kumeneko ndi maesiteti a mizeremizere. Ku Kaporo ayi: mitengo imangoima apa ndi apo, pakati pa nthochi ndi chinangwa, ina kuseri kwa nyumba.

Mnyamata wina anakwera ndi chikwanje, mkoko n'kugwa pansi kuti phi! Ndinathamangira kuti ndinyamule, minga yake inandilanga pomwepo. Amayi a alamu anaseka, nayankhula Chinkhonde, alamu n'kumasulira: mkokowo amausiya kaye pamthunzi kuti zipatso zizithothoka mosavuta, koma ukachedwa nawo mafuta amatuluka okanda pakhosi. Zomwe tinagwira tsikulo zinali zodula kale.

Zipatso anaziwiritsa mumgolo mpaka kufewa, kenako n'kuzithira mumgolo wina wokhala ndi chitsulo pakati ndi mtengo wautali wopingasa. Anthu awiri amakankha mtengowo akuzungulira, wachitatu akuthira madzi otentha. Ine ndinazungulira kakhumi, dziko linayamba kuzungulira lokha, ndinakakhala pansi pa mango. Phala lotuluka pansi amalisiya lidikhe, mafuta n'kuyandama, amayi n'kumawengula ndi chipande mosamala ngati akuopa kudzutsa khanda. Akatero amawatereka pamoto kachiwiri kuti madzi otsala athe. Palibe chotayidwa. Zotsalira za ulusiulusi amaziumitsa zoyatsira moto, ndipo nthangala zolimba akaziphwanya mkati muli njere za mafuta ena oyera, opangira sopo.

Madzulo tinadya mbalagha, nthochi zophika pamodzi ndi nyama, atathiramo mawese a tsiku lomwelo. Kufiirako si utoto, n'chimodzimodzi chija chili mu karoti, chomwe thupi limasandutsa vitamini A. Kufakitale amachichotsa pamodzi ndi fungo kuti mafuta aoneke ambee. Ndikudya ndinkaganiza za ife a m'tauni, tikulira mtengo wa mafuta ophikira ati ndalama zakunja zasowa, pamene kuno anthu akufinya mafuta ndi msana, chigayo cha injini osachionapo pamudzipo. Koma thukuta lomwe ndinaonalo, mtengo wa botolo mumsika sindidzanenereranso.

Anandipatsa malita awiri. M'minibasi kondakitala anaponda chikwama changa ndi thumba la mpunga wa Kilombero, chitsekerero chinafwamphuka pang'ono, shati yanga yoyera inafika ku Mzuzu itasanduka yachikasu, ndipo sopo wakanika mpaka lero. Kutacha ndinapeza otsalawo ataundana gwa. Ndinaimba foni mtima uli m'mwamba: "Alamu, mafuta aja aonongeka!"

"Aonongeka chiyani? N'kuzizira kwa Mzuzu kwanuko. Ikani botololo m'madzi ofunda."