Zikomo abale, digiri ija yatheka

Abale anga a kuno ku Joni ndi akumudzi, pepala lija latuluka. Digiri yachiwiri ya fizikisi ndamaliza, ngakhale yandidyera zaka zitatu m'malo mwa ziwiri.

Amalume, ndiyambe ndi inu. Basale itatha munandiyalira matiresi m'kachipinda kanu ku Rosettenville miyezi isanu ndi itatu, inu mukulawirira 4 koloko kukagwira ntchito ya m'gadeni ku Randburg. Tsiku lina munatulutsa nkhuku mu maikulowevu, m'mbali yapsa koma pakati pali gwa ndi ayezi, n'kundifunsa kuti, "Iwe wasukulu, zimenezi zimatheka bwanji?" Ndinangoseka. Lero ndikuyankheni, popeza nkhani yake ndi yomwe ndakhala ndikufufuza.

Molekyu ya madzi, kachidutswa kochepetsetsa ka madziwo, ili ndi mbali ya pozitivu ndi ya negativu. Mphamvu ya magetsi ikasintha kolowera, molekyuyo nayonso imatembenuka, koma mochedwerapo, ndipo kuchedwako n'kumene kumabala kutentha. Masamu ake anawayala bwino Peter Debye mu 1929. M'madzi wamba kutembenukako kumatenga mapikosekondi pafupifupi 8 (pikosekondi ndi gawo limodzi mwa magawo thiriliyoni a sekondi). Mu ayezi zinthu n'zina: molekyu iliyonse yagwirana ndi zinzake zinayi, moti imatembenuka pokhapokha ikafikiridwa ndi polakwika m'kagwiranidweko, monga anafotokozera Niels Bjerrum mu 1951. Imachedwa kuposa kamiliyoni. Tsono maikulowevu imagwedeza mphamvu ya magetsi ija maulendo 2.45 biliyoni pa sekondi, ayezi angatsatire bwanji? Pomwe payamba kusungunuka ndi pomwe pamapsa, pakati n'kutsala mwala.

Mu 2023, magetsi akuzimazima, ayezi amene ndinakonza milungu isanu ndi umodzi kuti ndiyeze anasungunuka usiku umodzi. M'mawa ndinapeza timadzi m'timabotolo basi. Ndinalira m'takisi kuchokera ku Bree mpaka kunyumba, ndipo ndinali nditatsimikiza zokwera basi ku Park Station. Achemwali, inu ndi amene munandiletsa. Ndalama zokonzetsera mapepala munazipeza poluka tsitsi ku Yeoville, zala zitatupa. Amayi a Mvano, ufa ndi usipa zija zinafika, pamodzi ndi mapemphero anu.

Amayi ku Ntcheu mpaka pano amauza anthu kuti mwana wawo akuphunzira kukonza mafiriji. Sindiwatsutsa, akadziwa zoona angadandaule.

Loweruka masana kuli nsima kwa amalume, nonse mubwere. Nkhuku tiitulutsa mu firiji Lachisanu usiku.