Sitima ya apongozi inanunkha tchipisi

Nyumba sinapse. Amene akukuuzani kuti kunabwera ozimitsa moto ndi alamu anga, ndipo alamu angawo panthawiyo anali m'bafa, sanaone kanthu. Mverani kwa ine mwini mlandu.

Kwathu mkamwini amayesedwa ndi khasu. Kuno ku Germany apongozi anga anandiyesa ndi chipinda chapansi pa nyumba, momwe amangamo dziko lawolawo pa thebulo lalikulu: mapiri, milatho, sitesheni, ng'ombe zazing'ono ngati nyemba, ndi njanji kuzungulira monsemo. Tsiku loyamba ndinati, "Bambo, zidole zanu n'zokongola." Akazi anga anandiponda phazi. Si zidole, ati. Ndi Märklin, ya ku Göppingen, kampani yomwe inayamba mu 1859. Chilichonse pathebulopo anachichepetsa maulendo 87, kuyambira mutu wa sitima mpaka galu wa pa sitesheni.

Mwana wapamtima wa apongozi ndi BR 01, mutu wa sitima ya malasha, wakuda bii, mawilo ofiira psuu. Yeniyeni inayamba kuyenda mu 1926, ndipo mawilo ake akuluakulu ndi mamita 2, kunditalikira ine. Yawoyi sikwana n'komwe masentimita 30, koma amaigwira ngati khanda la masiku atatu. Imafukanso utsi: mumadonthezera timadontho ta mafuta ake apadera mu chumuni, kawaya ka m'katimo kakatentha, utsi tolotolo.

Lamlungu limenelo, patatha zaka ziwiri ndikungoonerera manja kumbuyo, anati, "Iyendetseni, ine ndikatenge khofi ndi keke." Anakwera masitepe. Ndinaiyendetsa bwinobwino, koma utsi panalibe. Kabotolo ka mafuta kanali gwa, kouma. Pashelefu pambalipo, pomwe apongozi aakazi amasunga mbatata ndi jamu, panali botolo la mafuta ophikira.

Tsono apa mundiweruze mwachilungamo. Ine ndinakula tikuthira mafuta ophikira pa tcheni cha njinga, pa loko wa chitseko, ngakhale m'miyendo ikatuwa. Palibe chinadandaulapo. Ndipo sindinathire ngati wopanda nzeru, ndinagwiritsa ntchito kamtengo ka machesi. Madontho asanu. Mwina asanu ndi atatu.

Poyamba zii. Kenaka kaphokoso: tsss. Anzanga, phokoso limenelo ndimalidziwa, ndi la mbatata ikangogwera m'chiwaya. Sitima inatulukira kuseri kwa phiri mwaulemu wake wonse, mawilo ofiira akupalasa, ikukoka mabogi asanu, ikununkha depoti ya mabasi ya ku Limbe nthawi ya nkhomaliro. Inadutsa pa mlatho, tsss. Inadutsa pa tchalitchi, tsss. Pa sitesheni pali kabambo kovala chipewa, konyamula sutukesi, komwe kakhala kakudikira sitima pamalo amodzi kuyambira ine ndisanabadwe. Ndikulumbira kanatembenuka n'kundiyang'ana. Maso ake ankafunsa ngati pali kabichi ndi tsabola. Ng'ombe zija zinasiya kudya. Ine chiimire, malovu m'kamwa, kulakalaka kwathu. Ndinailola kuzungulira kachiwiri, ndivomere, chifukwa fungo limenelo ndinali ndisanalimve zaka zitatu.

Masitepe anayamba kulira. Nzeru inandibwerera: ndiibise m'phanga la m'phiri muja mpaka fungo lithe. Ndinapotoza kogwirira ka thiransifoma, kabokosi ka magetsi koyendetsera sitima, kubwerera kumanzere mwamphamvu kuti iime kaye, ndipo panamveka kuti khe. Chomwe munthu sanandiuze n'chakuti pa zida zakale za Märklin, ukapotoza kupyola pa 0, sitima imasintha kolowera. Nditaitsegulanso, m'malo molowa m'phanga inabwerera chafutambuyo, pang'onopang'ono, n'kudzaima pamaso penipeni pa apongozi, omwe anali atanyamula thireyi. Inatulutsa kautsi kamodzi komaliza, kachikasu, ngati ikundinenera.

Apongozi ananunkhiza. Anayang'ana sitima, botolo, kenaka ine. Asanatsegule pakamwa, alamu ya utsi ya kudenga inayamba kulira. Tsiku limenelo analira alamu awiri: ya kudengayo, ndi alamu anga aja atatsika ndi thaulo m'chiuno, misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka.

Apongozi anangofunsa funso limodzi, modekha: "Ndi a mpendadzuwa kapena a olivi?" Ndinati a mpendadzuwa, bambo. Anagwedeza mutu ngati ndasankha oipa pa awiriwo.

Chinawonongeka ndi kachubu ka utsi kokha, kakang'ono kuposa ndudu, ndipo ndinagula kena ndi ndalama zanga. Sitima ikuyenda mpaka lero. Akuti ikatentha imakumbukirabe pang'ono. Ine anandikweza udindo: ndimapukuta fumbi pa ng'ombe ndi kaburashi, ndipo botolo lija analisamutsira kukhitchini. Keke tinadya ndithu, inali ya maapulo.